Chitofu cha ku China ndi mkangano wa kamwa lake

Malangizo a feng shui, mwambo wa ku China wosankha malo ndi kuika zinthu mobweretsa mwayi, onena za khitchini afala kwambiri: chitofu chisayang'anizane ndi sinki, wophika asafulatire khomo. Ambiri amayesa ndi nkhani ya kakongoletsedwe ka nyumba, chonsecho ku China mwambowu unakulira pa ntchito yosankha malo a manda ndi omangapo nyumba. Buku lakale la za kuika maliro, limene amati analemba ndi Guo Pu (276-324), limaphunzitsa kuti mphamvu yotchedwa qi imamwazika ndi mphepo koma imaima ikakumana ndi madzi. Akatswiri ankayenda ndi kampasi yawo, luopan, kuyeza mbali zoyenera.

Za sinki n'zosavuta kuzimva. Pa zinthu zisanu zimene Atchaina amati zimayendetsa chilengedwe, mtengo, moto, nthaka, chitsulo ndi madzi, madzi ndiwo amagonjetsa moto. Choncho mtsuko suyandikana ndi pophikira.

Nkhani yaikulu ili pa chitofu. Chakalecho chinali chomanga ndi njerwa, chosanyamulika, chokhala ndi kamwa m'munsi lolowetsera nkhuni kapena mapesi. Pamwamba pake ankamatapo chithunzi cha papepala cha Zao Jun, mulungu wa pamoto, amene ankaona zonse zochitika pabanjapo. Pa 23 kapena 24 mwezi womaliza wa kalendala yawo, ankamupaka uchi kapena switi zomata pamilomo kenako n'kuwotcha pepalalo, kuti akakwera kumwamba kukapereka lipoti akanene zokoma zokhazokha, apo ayi kamwa limatike. Ndi ziphuphu ndithu, zoperekedwa mwaulemu. Ndipo abale akamagawana chuma cha makolo, chizindikiro choti banja lagawikadi chinali chakuti aliyense wayamba kuphika pa chitofu chakechake.

M'nthawi ya Qing, ufumu womaliza wa ku China, akatswiri ankati zofunika m'nyumba n'zitatu: khomo, chipinda cha mwininyumba ndi chitofu. Gulu lina linkati chitofucho chikhale pamalo atsoka kuti moto upsereze tsokalo, koma kamwa lake liloze mbali yamwayi malinga ndi chaka chimene mwininyumba anabadwa.

Chikomyunizimu chitalowa mu 1949 boma linati zonsezi n'zikhulupiriro zachikale, ndipo pakati pa 1966 ndi 1976 akatswiri ambiri anazunzidwa. Mwambowo unapulumukira ku Hong Kong ndi ku Taiwan. Ku California, m'dziko la America, mphunzitsi wa feng shui Lin Yun, amene anakhazikitsa kachisi wake ku Berkeley mu 1986, anaphunzitsa njira yosiya kampasi, yoyeza zonse kuyambira pakhomo lolowera. Otsatira ake ndiwo anatchukitsa zopachika galasi kuseri kwa chitofu kuti wophika aziona wolowa, komanso kuti moto uoneke wowirikiza, ati chuma chiwirikizenso. Akatswiri a kampasi ambiri amakana: moto wochuluka m'nyumba ndi ngozi.

Koma nawonso a kampasiwo ali ndi mkangano wawo. Chitofu chamagetsi kapena chagasi chilibe polowetsera nkhuni, ndiye kamwa lake ndi liti? Ena amati ndi mbali ya timabatani toyatsira, ena amati ndi pamene waya kapena paipi ya gasi yalowera. Pa chitofu chimodzimodzicho mbali ziwirizi nthawi zambiri zimaloza kosiyana, moti akatswiri awiri akhoza kuyeza khitchini imodzi, wina n'kulamula kuti chitembenuzidwe, mnzake n'kunena kuti chisakhudzidwe.