Thandizo la makompyuta linasamuka ku ma newsgroup: mafunso ndi mayankho

Aliyense amene amakonza makompyuta kapena kutayipira anthu makalata pa boma la Dedza, pa Lizulu kapena ku Ntcheu amadziwa zimene zimachitika pulintala ikangoti zii, kasitomala ali chilili ndi kalata yake yofunsira ntchito. Munthu amatenga foni, n'kulemba mu Google mawu amene atuluka pa sikirini. Nthawi zina yankho limene limabwera limakhala la m'chaka cha 2006, lili pansi pa dzina lachilendo ngati microsoft.public.windowsxp.general, limene ndi dzina la newsgroup, ndipo akafuna kufunsapo zina amapeza kuti malo olembapo palibe, chifukwa gululo linatsekedwa.

Kodi newsgroup n'chiyani?

Ndi gulu lokambirana nkhani imodzi pa njira yotchedwa Usenet, imene Tom Truscott ndi Jim Ellis anaiganiza mu 1979 ali pa yunivesite ya Duke ku America, ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1980, masamba a pa intaneti asanabadwe. Ngakhale dzinalo likumveka ngati la nyuzipepala, munalibe atolankhani. Munali anthu wamba ofunsana ndi kuyankhana. Chimene chinkasiyanitsa njirayi ndi zamasiku ano n'chakuti inalibe mwini. Uthenga ukalembedwa pa seva imodzi (kompyuta yosunga ndi kugawa mauthenga), sevayo inkaupatsira kwa inzake, inzakeyo kwa inanso, monga mmene uthenga wa maliro umayendera mudzi ndi mudzi, mpaka utafika pa maseva ambirimbiri padziko lonse. Wowerenga ankagwiritsa ntchito pulogalamu yapadera, monga Outlook Express imene inkabwera ndi Windows XP.

Ndani anatseka magulu amenewa, ndipo liti?

Sanatsekedwe tsiku limodzi. Kampani ya AOL, yopereka intaneti ku America, inasiya kupereka Usenet kwa makasitomala ake mu 2005. Microsoft, imene inali ndi magulu ambiri othandizira anthu ogwiritsa ntchito Windows ndi Office, inayamba kutseka magulu ake mu June 2010, gawo ndi gawo, n'kuuza anthu kuti azikafunsa pa mabwalo ake atsopano a Microsoft Answers, TechNet ndi MSDN, amene ankatsegulidwa pa browser, pulogalamu yoonera masamba a pa intaneti. M'chaka chomwecho yunivesite ya Duke, kumene zonse zinayambira, inazimitsa seva yake. Lamulo laposachedwa ndi la Google: kuyambira pa 22 February 2024, munthu sangathenso kutumiza uthenga ku Usenet kudzera pa Google Groups, tsamba la Google lowerengerapo magulu amenewa, kapena kuona mauthenga atsopano ochokera kumeneko.

N'chifukwa chiyani makampani anachita zimenezi?

Chifukwa chachikulu chinali zinyalala. Mu April 1994 maloya awiri a ku America, Laurence Canter ndi Martha Siegel, anamwaza uthenga umodzi wotsatsa malonda m'magulu masauzande, ndipo ena ataona kuti n'zotheka anatengera. Popeza Usenet inalibe mwini, panalibenso wosesa: kampani ikafufuta uthenga woipa pa seva yake, uthengawo unkatsalabe pa maseva ena onse. Google nayo potseka inatchula za mauthenga achabechabe amenewa ndi kuchepa kwa anthu okambirana zenizeni.

Chifukwa china chinali chakuti anthu atsopano sankadziwa n'komwe kuti magulu amenewa alipo, ndipo kuti munthu alowemo ankafunika kudziwa dzina la seva ndi kukonza pulogalamu yake bwinobwino. Pa bwalo la pa browser, kampani imatha kuika oyang'anira, kuchotsa otukwana, ndi kuika chizindikiro pa yankho limene lathandiza, kuti wobwera pambuyo asawerenge mauthenga 40 pofuna mzere umodzi. Tisabisenso kuti kampani imapindula anthu akamasonkhana pakhomo pake, chifukwa imadziwa amene akufunsa ndi zimene zikuwavuta.

Kodi mayankho akale aja anafufutidwa?

Ambiri akadalipo. Kampani ya Deja News inayamba kusunga mauthenga a Usenet mu 1995, Google inagula nkhokwe imeneyi mu 2001, ndipo lamulo la 2024 silinakhudze zimene zinalembedwa kale. Zimawerengeka, kungoti siziyankhika. Kwa ife zimenezi si nkhani yaing'ono, chifukwa makompyuta ambiri a kaunjika ndi amene sukulu zinalandira ngati mphatso akadali ndi Windows yakale. Microsoft inasiya kusamalira Windows XP pa 8 April 2014, ndipo Windows 7 pa 14 January 2020, choncho amene angafunse za makina oterewa pa bwalo latsopano kawirikawiri amangouzidwa kuti agule ena. Yankho lenileni limakhala m'mauthenga akale aja. Chofunika n'kuyang'ana chaka chimene yankholo linalembedwa ndi mtundu wa Windows umene likunena, komanso kusamala ndi maulalo otengera mapulogalamu, chifukwa ambiri anafa ndipo ena anagwera m'manja mwa akathyali.

Nanga wofuna kufunsa lero achite chiyani?

Kuwerenga sikufuna akaunti, koma kufunsa kumafuna. Pa mabwalo a Microsoft pamafunika akaunti ya Microsoft, imene imatsegulidwa mwaulere ndi imelo. Funso lizitchula mtundu wa makina, mtundu wa Windows, mawu enieni amene atuluka pa sikirini osasintha ngakhale chilembo chimodzi, ndi zimene munthu wayesa kale. Pasiwedi, nambala ya foni ndi nambala ya chiphaso cha unzika zisalembedwepo, pakuti zimene zalembedwa pamenepo amaziona aliyense. Wina akayankha kuti mumuimbire foni kapena mumulole alowe mu kompyuta yanu ali kutali, ameneyo musamumvere.

Kodi ife kuno tinapindula kapena tinataya?

Pa mbali ya kupeza, tinapindula kwambiri. Intaneti inafika m'Malawi kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo anthu ambiri anaidziwira pafoni, Usenet itayamba kale kuzilala. Mphunzitsi wa kompyuta wa ku Mayani kapena ku Tsangano akanavutika kukonza pulogalamu yowerengera magulu. Lero amangolemba vuto lake n'kupeza yankho.

Koma chinthu chimodzi chimene chinatayika chikanatiyenera ife kuposa amene anachipanga. Pulogalamu yakale ija inkakopera mauthenga onse nthawi imodzi, ali mawu okhaokha opanda zithunzi, munthu n'kudula intaneti, kuwerenga mwachifatse, kulemba mayankho ake n'kudzatumiza pambuyo. Tsamba lamakono limafuna netiweki nthawi yonse imene ukuwerenga, ndipo limadya bandulo ndi zithunzi zimene sunazipemphe. Kumene netiweki imagwira pokhapokha utakwera pachulu, kusiyana kumeneku kumamveka m'thumba.

Chachiwiri n'chakuti bwalo lokhala ndi mwini limasamuka mwiniwake akafuna. TechNet ndi MSDN, amene anthu anauzidwa mu 2010 kuti ndiwo kwawo kwatsopano, nawonso anatsekedwa patapita zaka pafupifupi 10, mafunso n'kusamutsidwira ku Microsoft Q&A. N'chifukwa chake wokonza makompyuta akapeza yankho limene lagwira ntchito, ndi bwino alikopere m'kope kapena pa fulashi, m'malo mongosunga ulalo wake.

Kodi Usenet inatheratu?

Ayi. Maseva ena akugwirabe ntchito, ena aulere ena olipira, ndipo pulogalamu ya Thunderbird imathabe kuwerenga ma newsgroup. Kungoti makampani opanga mapulogalamu sayankhanso kumeneko, ndipo m'magulu ambiri munthu akafunsa za pulintala yake angadikire sabata yathunthu popanda womuyankha.