Kuuluka kuchokera ku Santiago kupita ku Rapa Nui: mafunso ndi mayankho

Kodi mtunda wake ndi wautali bwanji?

Kuchoka ku Santiago, likulu la dziko la Chile, kukafika pabwalo la ndege la Mataveri pachilumba cha Rapa Nui, chomwe ambiri amachitcha Easter Island, pali makilomita pafupifupi 3,760. Njira yonseyo pansi pake ndi nyanja ya Pacific. Popita ndege imatha maola opitirira asanu, koma pobwerera imafulumirako chifukwa mphepo yakumwamba imachokera kumadzulo n'kumaikankha. Mukatera, bwezani wotchi m'mbuyo ndi maola awiri.

N'chifukwa chiyani ndege nthawi zina imachedwa kunyamuka pomwe kunja kuli bwino?

Vuto lagona pa kutalikirana kwa chilumbachi ndi malo ena. Bwalo la Mataveri lili ndi msewu umodzi wokha woterapo ndege, ndipo palibe bwalo lina pafupi lothawirako. Ndege ina ikawonongekera pamsewuwo, yobwera pambuyo ilibe potera. Choncho akuluakulu oona za maulendo a pandege ku Chile adakhazikitsa lamulo lakuti ndege ikadutsa pakatikati pa njira, ina isadutse pakati pa njira yake mpaka yoyambayo itatera bwinobwino. Yachiwiriyo ikhale ikadali pamalo poti itha kutembenuka n'kubwerera ndi mafuta omwe ili nawo. Ndiye ndege imodzi ikachedwa, inzake imadikira nawo.

Msewuwo si waufupi ayi. Ndi wopitirira makilomita atatu, ndipo adautalikitsa m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la NASA, bungwe la dziko la America loona za m'mlengalenga, kuti chombo cha m'mlengalenga chizitha kuterapo pakagwa ngozi. N'chifukwa chake ndege zikuluzikulu ngati Boeing 787 za kampani ya LATAM zimatera popanda vuto.

Poti chilumbachi ndi cha Chile, pakufunikanso zikalata zina?

Inde. Kuyambira mu Ogasiti 2018, lamulo nambala 21.070 limalola mlendo kukhala pachilumbapo masiku osapitirira 30, ngakhale akhale nzika ya Chile yochokera kumtunda. Musanakwere mudzaonetsa pasipoti kapena chiphaso, tikiti yobwererera, fomu yolowera yotchedwa FUI yomwe amalemba pa intaneti, komanso umboni wa komwe mukagone. Apolisi ofufuza milandu a ku Chile, otchedwa PDI, amaona zonsezi ku Santiago komweko.

Ambiri amalakwitsa pati?

Pa malo ogona. Nyumba ya alendoyo iyenera kukhala yolembetsedwa ku SERNATUR, bungwe la boma loona zokopa alendo. Mukasungitsa malo kunyumba yosalembetsa, ngakhale mutalipira kale, pepalalo siligwira ntchito. Wokakhala kwa mnzake afunika kalata yomuitana yochokera kwa munthu wokhala pachilumbapo, yovomerezedwa ndi boma. Enanso amagula tikiti yopita yokha poganiza kuti tsiku lobwerera akalisankha atafika. Otere amabwezedwa asanaione n'komwe ndegeyo.