Kuchokera pa tiki ya 1964 mpaka pa bokosi la maliro: mbiri ya phungu ndi chipatala ku Thyolo

Mwezi wathawu tinaika malume anga kumudzi kwathu kuno ku Thyolo. Adzukulu atatumiza mawu kuti kumanda zatheka, mwini mbumba anaimirira n'kuyamba kuwerenga chipepeso. Atatchula kuti olemekezeka a phungu athandiza ndi bokosi, thumba la ufa ndi galimoto imene inakatenga thupi kuchipatala, mayi wina amene anakhala pafupi nane anati, "Koma ameneyu ndiye munthu." Inenso ndinathokoza ndi mtima wonse, chifukwa popanda bokosilo tikanagwira njakata. Chimene chinandiwawa n'chakuti malumewo anatha milungu itatu akungouzidwa kuti mankhwala awo a BP atha, akagule ku famase, pamene m'thumba munalibe ndi khobidi lomwe. Pa anthu tonse tinali pasiwa paja, palibe anafunsa kuti phunguyo amanena zotani ku Lilongwe ikafika nthawi yogawa ndalama za zipatala. Ngakhale ine sindinafunse.

Kuyeza phungu ndi bokosi la maliro sitinabadwe nako. Inalipo nthawi imene maganizo a aphungu pa za chipatala ndi za mayiko akunja anagwedeza dziko lonse.

Ufulu tinalandira pa 6 July 1964. Pasanathe miyezi iwiri nduna zinali zitayambana ndi Dr. Kamuzu Banda, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali tiki. Boma linalamula kuti wodwala akapita kuchipatala cha boma azilipira tiki, kandalama ka mapeni atatu. Kwa munthu wothyola tiyi ku esiteti, amene thangata anali atangomuchokera pakhosi mu 1962, tiki sinali yochepa. Ufulu wake uti woyamba ndi kulipiritsa odwala? Pa za kunja nakonso sanamvane. Kamuzu ankafuna kukhala bwino ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, poti njanji yodutsa pa Luchenza ija inkathera ku Beira, m'manja mwawo. A Kanyama Chiume, amene anali nduna ya za kunja, pamodzi ndi anzawo ankafuna kuti tiime ndi omenyera ufulu ndiponso tilandire thandizo la China ya ku Beijing. Pa 7 September Kamuzu anachotsa a Chiume, a Orton Chirwa, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo. A Yatuta Chisiza, a Willie Chokani ndi a Henry Masauko Chipembere anatula okha maudindo. Pa 8 ndi 9 September aphungu anakumana ku Zomba, mbali zonse zinalankhula poyera, ndipo Nyumba inaima ndi Kamuzu. Sipanapite nthawi, ambiri mwa amene anatsutsa aja anali atathawa m'dziko.

Aphungu otsalawo anatolapo phunziro. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, chaka chomwecho tinapalana ubwenzi ndi Taiwan, mu 1967 ndi South Africa ya tsankho, ndipo zimenezi sizinalinso nkhani zoti phungu n'kutsegulirapo pakamwa. Woiwala anakumbutsidwa mu May 1983, pamene nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa a David Chiwanga, anapezeka atafa ku Mwanza. Boma linati ndi ngozi ya galimoto, koma kafukufuku amene anachitika matipate atabwera anapeza kuti anachita kuphedwa. Zaka 30 zathunthu phungu wabwino anali wodziwa kuthokoza Ngwazi.

Kwathu kuno kunali chinanso chakale kuposa Kamuzu. Mabanja ambiri a ku Thyolo ndi Mulanje, makamaka Alhomwe amene makolo awo anawoloka kuchokera ku Mozambique kuyambira cha m'ma 1890, anakhala pa malo a azungu a maesiteti. Pomanga nyumba, pogwira ntchito, popeza mankhwala, zonse zinkadalira nkhope ya bwana ndi kapitawo wake. Ine ndimaona kuti kumeneko n'kumene tinaphunzira kuyang'ana dzanja la munthu wamkulu osati pakamwa pake, ndipo ufulu sunatichotsere zimenezo.

Matipate atabwera mu 1994 panali mwayi. Malamulo atsopano oyendetsera dziko anali ndi gawo 64, lopatsa ovota mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe. Mu 1995 aphungu okha analifafaniza. Makhansala tinasankha mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo tinakhala opanda khansala mpaka 2014. M'zaka zimenezo m'pamene munabadwa thumba la chitukuko cha m'dera, CDF, mu 2006, kenako mu 2010 lamulo linapatsa aphungu voti m'makhonsolo. Basi phungu anasanduka khansala, kontilakita wa milatho, ambulansi ya m'mudzi. Ovota nawo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sindiwanena: munthu amene mwana wake wakomoka usiku ku Thekerani akufuna galimoto, osati mawu a m'Nyumba ya Malamulo.

Koma bokosi lenilenilo linalowa m'ndale chifukwa cha Edzi. Amene tinalipo m'zaka za m'ma 1990 tikukumbuka mmene maliro ankagundanirana, adzukulu kuchoka kumanda kuno kupita kumanda uko zikhatho zili matuza. Kafukufuku wa 2004 anapeza kuti ku Thyolo ndi Mulanje pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu asanu alionse anali ndi kachilombo. Mabanja anagulitsa mbuzi, njinga, malata omwe. Pa nthawi yotero wobwera ndi bokosi anali mpulumutsi, ndipo wofuna mpando anazindikira msanga.

Chimene chinachepetsa maliro aja, komabe, sanali mabokosi. Bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières linafika ku Thyolo mu 1997, ndipo mu April 2003 pachipatala chachikulu cha boma anayamba kupereka ma ARV mwaulere. Madokotala anali ochepa, choncho ntchito anaigawira anamwino, madokotala aang'ono ndi alangizi a zaumoyo, mankhwala n'kufika m'zipatala za kumidzi. Pofika 2007 anthu oposa 10,000 m'boma lino anali atayamba kumwa. Mu 2004 boma nalo linayamba kugawa ma ARV dziko lonse ndi ndalama za Global Fund, thumba la mayiko akunja lolimbana ndi Edzi ndi matenda ena. Anthu amene tinkawalira ali moyo anadzuka n'kubwerera kumunda. Ndalama zogulira mankhwala amenewo, pafupifupi zonse, zinkachokera kunja, ndipo zikuchokerabe kunja mpaka lero. Ndiye munthu wa ku Thyolo akamati za ubale ndi mayiko ena ndi za anthu ophunzira a m'tauni, aiwala chimene chili m'kabotolo kamene amatsegula usiku uliwonse.

Mu 2011 tinaziona ndi maso. Pulezidenti anali mwana wa kwathu, Bingu wa Mutharika. Mu April chaka chimenecho boma linathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, kalata yake yachinsinsi yodzudzula ulamuliro wa Bingu itaululika. Britain nayo inabweza kazembe wathu, ndipo mu July inaimitsa thandizo lake la ku bajeti. Ndalama zakunja zinasowa, mafuta anasowa, ambulansi zinkagona pamizere ya pa filing'i siteshoni, mashelefu a mankhwala anayera. Pa zionetsero za pa 20 July anthu 20 anaphedwa. Mu September amene anapatsidwa unduna wa za kunja kuti akazimitse motowo anali phungu wa Thyolo East, Peter Mutharika, ndipo mwezi wotsatira boma linabweza chilamulo chothamangitsa kazembe uja. Unduna umenewu si wachilendo kuno. A George Chaponda, phungu wa Mulanje South West, anaugwira mu 2004 ndiponso mu 2014. Aphungu athu akhala pa mpando umene umasankha abwenzi a dziko, koma akabwera kumudzi timawafunsa za mijigo ndi yunifomu za mpira.

Nayo China imene inachotsetsa ntchito a Chiume inabwera ndithu, patatha zaka 43. Kumapeto kwa 2007 Bingu anasiya Taiwan n'kutenga Beijing. Thyolo inapindula, poti yunivesite ya MUST ku Ndata inamangidwa ndi ngongole ya China. Koma ku Mzuzu, kumene Taiwan inamanga chipatala chachikulu, madokotala ake analongedza n'kumapita. Chigamulo chimodzi, ena kulandira sukulu, ena kutaya dokotala.

Pa za chithandizo cha osauka pali chinthu chimene ambiri sitichidziwa. Makuponi a feteleza anayamba mu 2005, ndipo kuno kumene minda ndi timizere tochepa pakati pa tiyi, kuponi inkasiyanitsa banja lodya ndi logona ndi njala. M'zaka za 2007 ndi 2008 bajeti yonyamula makuponiwo inachedwa miyezi, aphungu akukangana za gawo 65 la osintha zipani. Mtukula Pakhomo nayo inayambira ku Mchinji mu 2006, yolunjika kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe wowagwirira ntchito, monga agogo olera ana amasiye. M'maboma ena ndalama zake zakhala zikuchokera ku Germany, ku European Union, ku Ireland ndi ku World Bank, koma Thyolo ndi boma limene kwa zaka zambiri lalipiridwa ndi ndalama za boma la Malawi. Ndiye kuti kandalama ka agogo a ku Masambanjati kamadutsa m'bajeti imene phungu wathu amaikwezera dzanja. Kakachedwa kapena kakachepa mphamvu chifukwa cha kugwa kwa kwacha, woyenera kukuwa m'Nyumba ndi iyeyo.

Ndipo tiki ija sinafe. Kwa munthu wa ku Makwasa chipatala chapafupi ndi Malamulo, cha mishoni, ndipo zipatala za mishoni n'zolipira. Amayi oyembekezera ndi ana amathandizidwa mwaulere m'zipatala zoterezi pokhapokha ngati pali mgwirizano woti boma liziwalipirira, ndipo mgwirizanowo umayenda ngati boma likubweza ndalama. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kuti pa K100 iliyonse ya m'bajeti K15 izipita ku zaumoyo. Bajeti zathu zambiri sizifikapo.

Malamulo a dziko ayesa kutibweza. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa zinthu pofuna mavoti. Mu 2025 khoti linagamula kuti si ntchito ya phungu kuyendetsa CDF kapena kuvota m'khonsolo, chifukwa iye ndi wopanga malamulo ndi woyang'anira boma. Chaka chomwecho, mu January, America inaimitsa thandizo lake lakunja, ndipo ena mwa amene ankatsata odwala m'midzi ndi kuwakumbutsa za mankhwala anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Pa misonkhano ya kampeni imene ndinapitako chisankho cha pa 16 September chisanachitike, sindinamve wina akufunsa ofuna mpando kuti ma ARV tidzagula ndi chiyani tsiku limene Global Fund nayo idzatope.

Kabuku ka kuchipatala ka malume ndinakatenga ine. Patsamba lomaliza pali dzina la mankhwala awo, ndipo pambali pake katatu konse palembedwa O/S, kutanthauza kuti atha. Amfumu alengeza kuti olemekezeka abwera mwezi wa mawa kudzatsegulira mlatho. Ndidzayamba ndi kuthokoza chifukwa cha bokosi lija, kenako ndidzawaonetsa tsambalo n'kuwafunsa kuti pokambirana bajeti ya zaumoyo iwo ananena chiyani.