Kulumikiza pulogalamu ku Redis: zomwe muyenera kusankha nokha

Mukalowa pa webusaiti ndi dzina komanso pasiwedi, n'kumayenda tsamba ndi tsamba osafunsidwanso kuti ndinu ndani, ndiye kuti penapake pasungidwa chizindikiro choti mwalowa kale. Nthawi zambiri malowo amakhala Redis, pulogalamu yosungira deta yomwe Salvatore Sanfilippo wa ku Italy anatulutsa mu 2009. Redis imasunga zinthu mu RAM, memori yothamanga ya kompyuta, m'malo mokazifuna pa disiki, n'chifukwa chake funso wamba imaliyankha milisekondi imodzi isanathe.

Redis imakhala payokha ngati seva, ndipo pulogalamu yanu imalankhula nayo kudzera mu client, kapulogalamu kotumiza malamulo ku seva n'kubweretsa mayankho: redis-py kwa olemba Python, Jedis kapena Lettuce kwa a Java, ioredis kwa a Node.js. Pa laputopu zonse zimangoyenda musanakhudze kalikonse, ndipo ambiri amanyengedwera pamenepa. Makonzedwe omwe zimabwera nawo ndi oyenera pamene seva ndi client zili pa kompyuta imodzi. Mukangozilekanitsa, zosankha zimagwera inu.

Zambiri mwa zosankhazo zimakwana mu mzere umodzi, womwe ndi adiresi yolumikizira: redis://dzina:pasiwedi@seva:6379/0. Nambala ya 6379 ndi port, ngati khomo la pa makina, yomwe Redis imamvetserapo ngati simunasinthe. Pomwe palembedwa "seva" ndi pomwe anthu amapunthwa. Mawu oti localhost, kapena 127.0.0.1, amatanthauza "makina omwe ndilipo ano". Pulogalamu ikakhala mu container ya Docker, kabokosi kodzipatula komwe kamakhala ngati makina apaokha, localhost ndi container yomweyo, osati ya Redis yoyandikana nayo, choncho pamafunika dzina la container ya Redis.

Nayo Redis imakana alendo. Mu fayilo ya redis.conf muli mzere wa bind wouza seva kuti izimvera za pa makina ake okha, ndipo kuyambira pa Redis 3.2 palinso protected mode, yomwe imabweza aliyense wochokera kunja ngati pasiwedi sinaikidwe. Munthu wotopa usiku amalemba bind 0.0.0.0 kuti seva izimvera za kulikonse, n'kuzimitsa protected mode, zinthu n'kuyenda. Chonde musatero. Pa intaneti pali makompyuta omwe ntchito yawo n'kungogogoda pa 6379 usana ndi usiku, ndipo akapeza potsegula amafufuta deta kapena kulowetsamo mapulogalamu okumbira ndalama za crypto pa bilu yanu. Redis iikeni pa netiweki ya mkati, firewall, mlonda wa pa netiweki, izilola seva ya pulogalamu yanu yokha.

Kale pasiwedi inali imodzi ya onse, yoikidwa ndi requirepass. Redis 6 ya mu 2020 inabweretsa ACL, mndandanda wa zilolezo, moti pulogalamu iliyonse itha kukhala ndi dzina lake ndi malire a zomwe ingachite. Inabweretsanso TLS, yomwe imabisa zomwe zikudutsa pa waya. Kuti muigwiritse ntchito adiresi imayamba ndi rediss, ma s awiri. Popanda TLS pasiwedi imayenda poyera. Samalaninso ndi pasiwedi yokhala ndi chizindikiro cha @: mu adiresi chimalembedwa %40, apo ayi client ikhoza kuona ngati dzina la seva layambira pamenepo. Ndipo pasiwediyo isalembedwe mu code yopita ku GitHub, webusaiti yosungirako ndi kugawana code.

Ziro wa kumapetoyo ndi nambala ya database, kuyambira 0 mpaka 15. Ena amagawira mapulogalamu awo manambalawa, koma si mpanda wodalirika, poti lamulo la FLUSHALL limasesa onse pamodzi, ndipo Redis Cluster, yomwe imagawa deta pa maseva angapo, imadziwa 0 yekha.

Chomwe ine ndimayang'ana poyamba ndikamaunika makonzedwe a munthu sichili mu mzere uja n'komwe. Ndi timeout, malire a nthawi yodikira. Ma client ena amabwera opanda malire a nthawi yodikira. Netiweki ikadukira pakati, client simva kuti "ayi". Imangokhala chete kudikira yankho lomwe silidzabwera. Wogwiritsa ntchito wachiwiri naye amaima pambuyo pake, wachitatu chimodzimodzi, mpaka webusaiti yonse kuuma chifukwa cha Redis yomwe inaikidwa kuti zinthu zizifulumira. Malire ndi awiri: nthawi yodikira kuti kulumikizana kutheke, ndi nthawi yodikira yankho. Kwa seva yomwe imayankha mu milisekondi, sekondi imodzi kapena ziwiri n'zokwanira. Malamulo odikira dala, monga BLPOP, apatseni kulumikizana kwawokwawo kwa malire otalikirapo.

Palinso kudukiza kwachinsinsi. Kulumikizana kukakhala nthawi osagwiritsidwa ntchito, firewall kapena rauta ya pakati imatha kukuiwala osauza mbali iliyonse. Zikatero funso loyamba la m'mawa limalephera, lachiwiri n'kuyenda, anthu n'kumati pulogalamu ili ndi mizimu. Mankhwala ake ndi kuyatsa keepalive, timauthenga tosonyeza kuti kulumikizana kudakali moyo, kumbali ya client, kapena kuiuza kuti iziyamba yatumiza PING pa kulumikizana komwe kwakhalitsa.

Kuyesanso zikalephera n'kwabwino, koma osati mwachimbulimbuli. Kuwerenga ndi GET kawiri sikuononga kanthu. Koma INCR, yomwe imaonjezera 1 pa nambala, mwina inafika ndithu ku seva ndipo yankho lokha ndi lomwe linatayika. Mukaibwereza mwawerengera kawiri.

Kutsegula kulumikizana kwatsopano pa funso lililonse n'kuononga nthawi, makamaka ndi TLS. N'chifukwa chake pali pool, gulu la zolumikizira zotsegula kale zomwe zimabwerekedwa n'kubwezedwa. Werengerani bwino: seva imalandira ma client 10,000 ngati simunasinthe maxclients, ndipo kope lililonse la pulogalamu yanu limakhala ndi pool yake. Makope 50 okhala ndi zolumikizira 200 lililonse adzaza kale malo onse.

Mtunda nawo ndi nkhani. Ngati pulogalamu ili pa seva ku Lilongwe koma Redis mwaibwereka ku Frankfurt, ulendo uliwonse wopita ndi kubwera umadya mamilisekondi oposa 100. Tsamba lofunsa mafunso 20 motsatizana ladikira kale masekondi awiri. Ziikeni malo amodzi. Zikakanika, tumizani malamulo ambiri ulendo umodzi ndi pipeline.

Poyesa, yambirani pa makina pomwe pulogalamu ikukhala, osati pa laputopu yanu. Lembani redis-cli -h dzina la seva, kenako PING. Ikayankha PONG, njira ili bwino. "Connection refused" ndiye kuti makina mwawapeza koma pa port imeneyo palibe womvetsera, choncho onani bind komanso ngati Redis ikuyenda. Kukangoti zii, ganizirani firewall. NOAUTH ikutanthauza kuti simunapereke pasiwedi, pomwe WRONGPASS ndi dzina kapena pasiwedi yolakwika.