Zitunda za Great Dyke: dothi lokana mitengo

Pamsewu wochoka ku Harare kupita ku Chinhoyi, ukafika cha ku Mapinga, mitengo ya msasa imangotha mwadzidzidzi. Kutsogolo kumaoneka zitunda za udzu wokhawokha, apa ndi apo kamtengo kopinimbira. Mlendo angaganize kuti ootcha makala anapitapo. Ayi ndithu, pamenepa mitengo siinayambe yakulapo.

Amenewa ndi Great Dyke, mzere wa miyala wotalika pafupifupi makilomita 550, wodutsa pakati pa Zimbabwe kuchokera kumpoto mpaka kummwera. Miyalayi inakwera kuchokera mkati mwa dziko ili yosungunuka n'kuuma isanafike pamwamba, zaka pafupifupi 2.5 biliyoni zapitazo, ndipo yambiri inasanduka serpentine, mwala wobiriwirako, woterera ukaugwira. Mwalawu ukafumbutuka umabereka dothi lovuta: magineziyamu wochuluka zedi, kashiamu wochepa, nayitrojeni ndi fosiforasi zoperewera, komanso zitsulo za nickel ndi chrome zochuluka. Mizu imafuna kashiamu kuti ikule, koma magineziyamu akachulukitsa amamutsekereza, nickel naye n'kumapha nsonga za mizuyo. Dothi lake ndi losayanso, siligwira madzi. Msasa umene ukusangalala pa dothi la granite chapafupi pomwepo sungapirire.

Mu 1965 katswiri wa zomera Hiram Wild anafalitsa kafukufuku wake wa zomera za m'derali, ndipo anapeza mitundu pafupifupi 20 yosapezeka kwina kulikonse padziko. Pali Aloe ortholopha, mbale wake wa alovera, amene maluwa ake ofiira amandanda mbali imodzi ya nthambi. Palinso Pearsonia metallifera, chomera chochititsa kaso kwambiri kwa ine: nickel amene akupha anzake, icho chimangomuyamwa n'kumusunga m'masamba.

Chuma chimene chinakaniza mitengo n'chomwe chinakoka anthu. Migodi ya chrome ku Mutorashanga ndi ku Shurugwi inalemba ntchito anthu ambiri ochokera ku Nyasaland m'nthawi ya atsamunda, ndipo zidzukulu zawo zikadali m'makomboni a kumeneko, zikuvinabe gule wamkulu. Lero kuli migodi ya platinum monga Mimosa, Unki ndi Ngezi.

Mkangano uli pa kakumbidwe. Mgodi wa pansi umasiya pamwamba pali bwinobwino, koma okumba ena kumpoto amapala dothi lapamwamba lenilenilo kuti asefemo chrome. Chomera chimene sichimera kwina kulikonse, akachipalira limodzi ndi dothilo, palibe chitunda china choti nkukatengako mbewu.