Chimene chimakopa anthu m'mafilimu a oyendetsa ndege zankhondo

Nkhondo ya masiku ano ilibe nkhope, pakuti msilikali amatha kuponya mzinga n'kupha mdani amene sanamuonepo ndi maso. Mafilimu a oyendetsa ndege zankhondo amabwezeretsa nkhopeyo, ndipo kwa ine apa ndi pamene pagona mphamvu yawo. Mumlengalenga mumatsala anthu awiri, aliyense m'ndege yake, ndipo amene wachedwa kuganiza ndi kamphindi kochepa ndiye amagwetsedwa.

Chidwi chimenechi n'chakale. Pa Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse, pamene asilikali miyandamiyanda ankafera m'maenje popanda wowatchula dzina, Manfred von Richthofen wa ku Germany, amene anagwetsa ndege 80 asanaphedwe mu 1918, anali wotchuka ngakhale kwa adani ake, moti iwo omwewo anamuika m'manda mwaulemu wonse wa usilikali.

Komabe mpikisano umene umakometsa nkhanizi kwambiri ndi wa anthu a gulu limodzi. Mu filimu ya Top Gun ya mu 1986, oyendetsa ndege awiri, Maverick ndi Iceman, amalimbirana ukatswiri pa sukulu ya oyendetsa ndege zankhondo a gulu la asilikali apamadzi a ku America, sukulu yeniyeni imene inatsegulidwa ku Miramar, m'chigawo cha California, mu 1969 akuluakulu ataona kuti oyendetsa ndege awo sakuchita bwino pa nkhondo ya ku Vietnam. Ndege zankhondo zimauluka ziwiriziwiri, wina kuteteza mnzake kumbuyo, choncho munthu amene ukufunitsitsa kumuposa ndi yemweyo amene wagwirizira moyo wako. Woonera amakhala mtima uli m'mwamba podikira kuti aone ngati nsanje igonje nthawi isanathe.

Thupi nalo limafotokoza nkhani yake. Ndege ikakhota mwamphamvu, woyendetsa amamva ngati kulemera kwake kwawonjezeka kasanu ndi kawiri kapena kuposerapo, magazi amatsikira kumiyendo, maso amachita mdima, ndipo amapuma mobanika kuti asakomoke. Pojambula Top Gun: Maverick ya mu 2022, makamera anaikidwa m'kati mwa ndege za F/A-18, ochita sewero atakhala pampando wakumbuyo, kotero kuti masaya olendewera amene timaona aja si ongoyerekezera.

Pali chinyengo chimodzi chimene oonera timachilandira ndi manja awiri. Mizinga yamakono imagunda ndege imene ili pamtunda wa makilomita ambirimbiri, koma zimenezo pa kanema sizikoma, n'chifukwa chake olemba nkhanizi amapeza njira yoti mizinga ithe kapena iphonye, kuti adaniwo ayandikizane n'kuyamba kuthamangitsana ndi mfuti monga zinkakhalira mu 1918.