Boti lamagetsi: nkhani yagona pa madzi, osati pa batire pokha

Ine ntchito yanga ndi yokonza ma injini a maboti, ndiye funso lomwe anthu amandifunsa pafupipafupi masiku ano ndi lakuti, galimoto zamagetsi zafika kale pamsewu, nanga maboti akuchedwa chani? Yankho lake lili m'madzimo. Madzi ndi olemera kuposa mpweya pafupifupi ka 800, ndiye boti likamathamanga limakhala likukankha chimpanda chamadzi nthawi yonse, silipumako ngati galimoto yomwe ikatsika mtunda dalaivala amachotsa phazi pa mafuta. Kuti muwonjezere liwiro pang'ono chabe mphamvu yofunika imakwera modabwitsa, ndipo apa ndi pomwe batire imagonja chifukwa kilo imodzi ya petulo imasunga mphamvu yochuluka kwambiri kuposa kilo imodzi ya batire, mukawonjezera ma batire boti limalemera, likalemera limamira kwambiri m'madzi, likatero lifunanso mphamvu ina, basi kuzungulira pomwepo.

Koma musaganize kuti izi nzachilendo ayi. Pa nyanja ya Königssee ku Bavaria, Germany, maboti onyamula alendo akhala akuyenda ndi magetsi kuyambira 1909. Chinsinsi chawo nchakuti amayenda pang'onopang'ono, ndipo pa liwiro lotsika injini yamagetsi ndi dolo, sichita phokoso, sifuna oyilo wa mu injini, palibe ma pulagi oti muzipukuta m'mawa uliwonse. Kampani ya Torqeedo yopanga ma injini amagetsi a maboti inayambanso ku Germany konko mu 2005 pafupi ndi nyanja ya Starnberg pomwe malamulo amaletsa ma injini ambiri a petulo, ndipo mu 2024 Yamaha inaigula kampaniyi. Yamaha yomwe timaidziwa ija, ndiye mudziwe kuti akuluakulu a malondawa aona komwe mphepo ikulowera.

Omwe amandisangalatsa kwambiri ine ndi a Candela a ku Sweden, chifukwa m'malo molimbana ndi madzi anangoganiza zolichotsamo boti m'madzimo. Pansi pa boti lawo la C-8 pali mapiko otchedwa hydrofoil, likafika pa liwiro linalake thupi lonse limanyamuka kumauluka pamwamba pa madzi, otsala m'madzi ndi mapiko ndi injini basi, ndipo kompyuta imawongola mapikowo kambirimbiri pa sekondi iliyonse kuti lisagwedezeke. Ndi batire ya 69 kWh (muyeso wa mphamvu yomwe batire imasunga) yochokera ku galimoto za Polestar, limayenda makilomita opitirira 100 pa liwiro la makilomita pafupifupi 40 pa ola. Mu 2024 boti lawo lalikulu la P-12 linayamba kunyamula anthu mu mzinda wa Stockholm. Chokhacho mtengo wake ndi wa anthu olemera zedi, komanso mapiko aja akagunda mwala kapena chikuni choyandama kukonza kwake si kwa pansi pa mtengo.

Chomwe chimandiwawa mtima ndi ma injini akale a two-stroke aja osakaniza petulo ndi oyilo. Gawo lalikulu ndithu la mafuta limatuluka lisanapse nkuthera m'madzi, mwaonapo kachinthu konyezimira ngati utawaleza kumbuyo kwa boti, ndi mafuta amenewo. Ku Lake Tahoe ku America anawaletsa kale mu 1999.

Ndiye ndikamaganiza za ku Cape Maclear, komwe maboti amatenga alendo kupita ku chilumba cha Thumbi kukaona mbuna ndi kuponyera nkhwazi nsomba, ndimaona kuti ulendo umenewu ndi wofanana ndi wa ku Königssee, waufupi, wosathamanga, m'malo omwe bungwe la UNESCO linawazindikira mu 1984 ngati ofunika pa dziko lonse chifukwa cha mbuna zomwezo. Ka injini kamagetsi kakang'ono ndi sola pa denga la boti kapena pa loji zingakwanitse ntchitoyi, mlendo nkumamva kulira kwa nkhwazi m'malo mwa phokoso, mwini boti osayimanso pa mzere wa mafuta.

Ngati mukufuna kugula, yambani mwayeza kutalika kwa ulendo wanu wa tsiku ndi tsiku, kenako siyani mphamvu yokwanira yobwererera mwera ukabuka mwadzidzidzi, chifukwa kulimbana ndi mafunde kumadya batire mofulumira kwambiri. Batire isakhale padzuwa tsiku lonse, kutentha kumaikalambitsa msanga, ndipo funsani kaye komwe mukapeze ma sipeya musanalipire.